Makadi a Bowo a Mma Maseko

Mutu Wachinayi

1. Mwana wopanda khadi

M'chaka cha 2001, pa ana onse amene ankalowa m'laibulale yaing'ono ya ku Pretoria West, Rehana yekha ndiye analibe khadi lobwerekera mabuku. Anzake ankanyamula mabuku awiriawiri kupita nawo kunyumba, ena osawatsegula n'komwe mpaka tsiku lobweza. Iye ankawerengera pomwepo, pa mpando wa pakona. Nthawi yotseka ikakwana ankaloweza nambala ya tsamba n'kubwezera buku pa shelefu.

Rehana anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anabwera ku Joni zaka zinayi zapitazo kuchokera ku Ntaja, atamaliza Sitandade 3. Anali mwana wa chidwi chotopetsa. Amayi ake ankati mwana ameneyu akhoza kufunsa nkhuku chifukwa chimene yadzukira m'mawa, n'kudikira yankho.

Khadi analibe chifukwa abambo ake, a Sidiki, anakaniza. Iwo ankagulitsa ndolo ndi zipini za m'mutu pa kabenchi ku msika wa Marabastad, ndipo chenjezo lawo linali limodzi chaka chonse.

"Tamvera, Rehana, kuno si kwathu," ankatero. "Pepala lililonse la boma limene ungalembepo dzina langa ndi nambala ya nyumba ino, umenewo ndi msewu wobweretsa apolisi pakhomo. Ziphaso zanga zinatha mphamvu, zatsopano ndikudikirabe. Kusukulu tinalemba chifukwa panalibe kuchitira mwina, koma kwina konse ayi. Ndipo m'takisi, m'sitolo, m'laibulale mwakomo, Chichewa uzichisiya panja monga timasiyira nsapato pakhomo la mzikiti. Lankhula Chingerezi, lankhula Chisepedi cha anzakocho. Munthu akakufunsa kwanu, uziti ku Pretoria West, basi. Amalume ako a Habibu anawatsitsa m'takisi chifukwa chopatsa mnzawo moni wa kwathu, ndipo lero ali ku Ntaja akulima nandolo. Wandimva?"

Rehana ankamva. Zaka zinayi anasunga lamulolo, ndipo m'laibulale palibe ankadziwa kumene mwana wa mpango woyerayo anachokera.

2. Mayi wa chipinda cha ana

Chipinda cha ana ankayang'anira ndi Mma Maseko, kapena kuti Mayi Maseko m'Chisepedi, mayi wamfupi wa magalasi a chingwe. Mbiri yawo aliyense ankaidziwa, chifukwa inalembedwa kuseri kwa mabuku awo. Anayamba ntchito m'laibulalemo ngati wosesa, nthawi imene mwana wakuda sankaloledwa kukhudza buku la mmenemo. Ankapukuta mashelefu uku akuwerenga mitu ya mabuku. Kenako anachita sukulu ya pamakalata, ndipo zinthu zitasintha m'dziko anawapatsa chipinda cha ana.

Atawerengera ana mabuku a anthu ena kwa zaka zambiri, anayamba kulemba awo. Anali atatulutsa atatu, onse m'Chingerezi. Loyamba linali la takisi imene inatopa ndi msewu wa ku Soshanguve n'kuthawa kukaona nyanja yamchere, anthu ali momwemo. Lachiwiri linali la mtsikana wosesa maluwa a jakaranda amene anakana kuwataya. Lomaliza linali la nkhunda imene inamanga chisa m'chipewa cha kondakitala wa sitima. Rehana anawerenga lililonse kanayi.

Lachitatu lililonse masana Mma Maseko ankasonkhanitsa ana pa kapeti n'kuwawerengera nkhani zimene zinali zisanasindikizidwe. Mwana akayasamula, iwo ankalemba kamtanda pa mzere umenewo. Sabata yotsatira mzerewo sumapezekanso.

"Mabwana anga ndi inu," ankatero m'Chingerezi. "Mukagona, ndiye kuti ndalakwitsa."

Panali zinthu ziwiri zimene zinkamuvuta Rehana. Kuseri kwa mabuku kuja analemba kuti mlembi amakhala ku Soshanguve, koma kumene anabadwira sanatchule. Chachiwiri, tsiku lina dikishonale itawagwera pa chala, Rehana anamva ngati Mma Maseko anena kuti "mayo ine." Anayang'ana nkhope yawo, koma iwo anali atayamba kale kudandaula m'Chisepedi.

3. Bokosi la nsapato

Mwezi wa Okutobala m'laibulale munabwera makompyuta. Madirowa akale a matabwa, mmene munkakhala timakadi tolembapo dzina la buku lililonse, anawakhuthula onse. Makadiwo anawaunjika m'makatoni pa khomo la kuseri, kudikira lole ya zinyalala.

Lachisanu potuluka, Rehana anaima pa muluwo. Anatola khadi limodzi. Linali lolimba, loyera motuwirako, ndipo pansi pake panali bowo limodzi lozungulira bwino, modutsa kachitsulo ka m'dirowa. Nthawi yomweyo anakumbukira abambo ake, amene usiku ndi usana ankadula makatoni a sopo ndi lumo kuti apeze pobaya ndolo.

Anafunsa mlonda ngati angatengeko. Mlonda anati atenge ngakhale onse, amupeputsira ntchito. Makatoni anali olemera, choncho Rehana anasankha bokosi la nsapato limene linali pamwamba, lomangidwa ndi labala.

A Sidiki ataona makadiwo anasekerera mpaka mano onse kuonekera.

"Eish, mwana iwe uli ndi mutu. Taona bowoli, angochita kutiboolera kale. Tingolowetsa pa waya n'kupachika, katundu aoneke ngati wa m'shopu ya Amwenye."

Madzulo omwewo banja lonse linakhala pa mkeka kubaya ndolo pa makadi, mbali ya zilembo za taipi kuyang'ana kutsogolo. Kunali kuthamangira malonda a Loweruka la kumapeto kwa mwezi, ndipo palibe anatembenuza khadi kuti aone kuseri.

4. Loweruka ku Marabastad

Loweruka la malipiro ku Marabastad munthu suyenda, umachita kukankhidwa. Matakisi ankaliza mahutala, oitanira ankakuwa mayina a malokeshoni, ndipo fungo la zokometsera ndiwo linkatuluka m'masitolo. Ndolo za a Sidiki zinali lendelende pa waya, ndipo zinkayenda malonda kuposa masiku onse.

Cha m'ma leveni mphepo inatembenuza khadi limodzi. Rehana anaona kuti kuseri kwake kuli zolemba za pensulo, zing'onozing'ono, ndi nambala 23 pakona. Anawerama kuti aone. Mawu oyamba anali akuti "Amayi anandiperekeza."

Chinali Chichewa, pakati pa Marabastad, cholendewera pa waya pamaso pa anthu onse.

Anawerenga khadi lonse. "Amayi anandiperekeza mpaka pa msika wa Tsangano. Anandimangira kachewere wowotcha pa mpango. Sanalire. Anangoti, ukafika kumeneko usaiwale kulankhula ngati mwana wa kwathu. Ine ndinaseka, chifukwa ndinkaona ngati munthu sangaiwale lilime lake."

Anatembenuza lina, nambala 9. Linkanena za kamtsikana kotchedwa Lonely kamene kanaphunzira kuwerenga pa nyuzipepala zomata khoma la nyumba ya aphunzitsi. Anatembenuza linanso, ndi linanso. Khadi lililonse linali ndi nambala, ndipo lililonse linali chidutswa cha nkhani imodzi.

"Abambo," ananong'oneza, "makadiwa ali ndi mwini wake. Munthu analemba nkhani kuseriku, m'Chichewa."

A Sidiki ankawerenga bwino zilembo za Chiarabu, koma zilembo za kusukulu zinkawapweteka maso. Anayang'ana khadilo, n'kuyang'ana mzere wa azimayi amene ankadikira.

"Tsitsa mawu. Tikakambirana kunyumba. Pano gulitsa."

Rehana anayamba kuchotsa ndolo pa makadi n'kumakulunga m'nyuzipepala. Ogula ambiri sanadandaule. Koma anayi anakana, anati ndolo za mphatso sizikulungidwa ngati usipa, akufuna ndi khadi lake. Apa ndi pamene maphunziro a ku madrasa anagwira ntchito imene shehe sanaiganizirepo. Rehana ankapempha wogula kuti adikire pang'ono, n'kuwerenga khadilo katatu chamumtima, thupi likugwedezeka pang'ono monga amachitira poloweza sura za m'Kurani. Akatsimikiza kuti mawu alowa, ankapereka. Khadi la nambala 23 linapita ndi mayi wina wa chipewa chobiriwira.

5. Chenjezo lachiwiri

Lamulungu m'mawa Rehana anayala makadi pa mkeka motsatira manambala. Anayenera kukhala makumi asanu ndi limodzi. Anapeza makumi anayi ndi asanu ndi anayi. Anayi anali m'mutu mwake. Asanu ndi awiri anagulitsidwa iye asanazindikire, ndipo amenewo sanawaone n'komwe.

Anawawerengera makolo ake nkhani yonse, kudumpha pamene panali mipata. Inali ya mtsikana wa ku Ntcheu amene anatsatira mwamuna wake ku Joni, mwamunayo n'kumwalira patangopita zaka ziwiri. Inanena za tsache, za mashelefu, za mayeso a pamakalata. Atafika pa nambala 58, Rehana anawerenga pang'onopang'ono.

"Ana a m'chipinda changa amanditchula Mma Maseko. Amaona ngati ndine wa konkuno, chifukwa a Maseko aliko ambiri kuno. Palibe amadziwa kuti dzinali ndinabwera nalo kuchokera ku Ntcheu. Mabuku atatu ndalembera ana a eni dziko. Ili ndikulembera amayi anga, amene anamwalira ndisanabwerere."

Amayi ake a Rehana anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. A Sidiki anasisita ndevu.

"Zinthu za mwini ziyenera kubwerera kwa mwini, pamenepo sindikutsutsa," anatero. "Koma tamvera bwino mmene ukachitire. Ukaike bokosili pa tebulo la Mma Maseko pamene palibe akuona, ndipo utuluke. Usakatsegule pakamwa. Munthu amene wabisa kwawo zaka pafupifupi makumi awiri sakondwera ndi amene wamutulukira. Ndi wantchito wa boma ameneyo. Akachita mantha kuti uulula, njira yachidule ndi kutichotsa ife, ndipo foni ili pa tebulo pake pomwepo. Ndawaona anthu a kwathu akukana abale awo pamaso pa apolisi, ena akuyankha m'Chizulu munthu wa m'mudzi mwawo akuwapatsa moni. Sindikuti mayiyu ndi woipa. Ndikuti sitikumudziwa, ndipo banja lino lilibe pothawira. Ukangonena liwu limodzi la Chichewa mmenemo, wadziulula wekha, waulula amayi ako, waulula ine."

"Nanga makadi anayi amene ndinaloweza, Abambo? Ndikangosiya bokosi, mawu amenewo sadzawapezanso."

"Analemba yekha, akumbukira yekha."

Rehana anasonkhanitsa makadi n'kuwamanga ndi labala lomwe lija.

6. Lachitatu

Lolemba ndi Lachiwiri bokosi linagona m'chikwama. Nthawi zonse pa tebulo la Mma Maseko pankakhala anthu, ndipo kunena zoona Rehana sanalimbikire kufuna mpata. Pobwerera kunyumba ankabwereza makadi anayi aja chamumtima kuti asathawe.

Lachitatu ana anakhala pa kapeti monga mwa masiku onse. Mma Maseko anabwera opanda pepala m'manja. Maso awo anali otupa.

"Lero sindiwerenga," anatero m'Chingerezi. "Ndataya chinthu. Linali bokosi la nsapato, ndinkalisunga pansi pa madirowa akale. Okonza m'chipinda analitulutsa pamodzi ndi zotaya, ndipo si kulakwa kwawo. Lole inabwera Loweruka. Ndapita mpaka kudzala la mzinda, koma kumeneko n'kufuna chinthu chimodzi m'phiri la zinyalala. Munali ntchito ya zaka zitatu, ndipo ndinalibe kope lina."

Mwana wina anafunsa ngati sangalembenso.

"Zina munthu amalemba kamodzi," anayankha. "Pitani mukasankhe mabuku."

Ana anabalalika. Patapita kanthawi Mma Maseko analowa m'kachipinda ka kuseri kukamwa madzi, ndipo pa tebulo panalibe munthu. Mpata umene abambo ananena unali umenewu. Rehana anatulutsa bokosi, analiika pa tebulo, nayenda mpaka pa chitseko cha chipinda cha ana.

Pamenepo anaima. Anali ndi mantha, mantha enieni. Koma ankadziwa kuti akatuluka, mayi uja adzatsegula bokosi n'kupeza kuti pa nambala 23 palibe kanthu, pamene mawu a amayi awo ali m'mutu mwa mwana amene wangodutsa pakhomo. Anabwerera n'kuima pafupi ndi tebulo, manja kumbuyo.

Mma Maseko atatuluka anaona bokosi. Anakhala pansi mwadzidzidzi. Anachotsa labala, natenga khadi limodzi, naliyang'ana pa kuwala kwa windo. Linali ndi timabowo tiwiri tatsopano.

"Ndani wabweretsa? Ndipo timabowoti n'ta chiyani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ndine, Mma. Ndinatenga ndikuganiza kuti n'zotaya. Tinabayapo ndolo n'kukagulitsa ku Marabastad. Pepani. Khumi ndi limodzi anapita ndi ogula."

"Ndolo," anatero Mma Maseko, osadziwa ngati aseke kapena alire. Zala zawo zinkathamanga pa manambala. Zitafika pa 22 zinalumphira pa 24, ndipo zinaima. Nkhope yawo inagwa.

Rehana anasendera pafupi. Kenako, m'nyumba ya boma, ana ena ali pa mashelefu pomwepo, analankhula Chichewa.

"Amayi anandiperekeza mpaka pa msika wa Tsangano. Anandimangira kachewere wowotcha pa mpango. Sanalire. Anangoti, ukafika kumeneko usaiwale kulankhula ngati mwana wa kwathu."

Ananena khadi lonse mpaka kumapeto, osaphonya liwu. Mma Maseko anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pa chingwe. Foni inali pa tebulo pafupi ndi dzanja lawo, ndipo Rehana ankaiyang'ana.

"Ndiwe mwana wa yani, iwe?" anafunsa.

Anafunsa m'Chichewa. Mawuwo anatuluka olimba, ngati chitseko chimene chakhala nthawi chisanatsegulidwe.

"Wa a Sidiki, a ku Ntaja. Anandiuza kuti ndingosiya bokosi, ndisalankhule. Koma makadi anayi ndinawaloweza, ndiye ndinaona kuti ndikapita nawo ndiye kuti ndakuberani."

"Khala apa, mwanawe."

Anatenga makadi anayi opanda kanthu kuseri, ndi pensulo. Rehana ankanena, iwo ankalemba. Pa khadi lachitatu Mma Maseko anafuna kusintha liwu, koma Rehana anati sanalembe choncho poyamba, ndipo iwo anaseka koyamba tsiku limenelo n'kulisiya mmene linalili.

Atamaliza anayang'ana mipata isanu ndi iwiri yotsala.

"Awa ndiyesa ndekha, kaya ndikwanitsa," anatero. "Koma tamvera, Rehana. Abambo ako si opusa. Mantha awo ndikuwadziwa, ndadya nawo mbale imodzi zaka zonsezi. Ine ndinabisala bwino kwambiri, mpaka ana anga obereka sadziwa kupereka moni kwa agogo awo, ndipo pamaliro a amayi ndinalibe. Ndinapeza ntchito, ndinapeza dzina pa chikuto cha mabuku, koma bukuli ndinalilemba ndisakudziwa ngati kuno kuli mwana mmodzi woti n'kuliwerenga. Ndinkasowa wondiyasamulira. Kubisala kumasunga munthu, sindikana, koma uzidziwa kuti kumadyanso zina zimene sudzazipezanso. Usanyoze abambo ako pa zimenezi, ndipo usawanamize. Ukawauze zonse zimene wachita lero."

Anatsegula dirowa natulutsa fomu yolembetsera khadi lobwerekera mabuku. Anaiika pa tebulo pamaso pa Rehana.

"Zaka zinayi ndakhala ndikukuona ukuloweza nambala ya tsamba. Fomuyi imatsala m'kabati yanga, sipita kwina. Koma pansipa payenera kusainidwa ndi kholo, ndipo ine sindingakusainire."

Rehana anagwira fomuyo ndi manja awiri. Asanayankhe, anaona kuti maso a Mma Maseko achoka pa iye n'kupita kuchitseko. Anatembenuka.

A Sidiki, amene chibwerere ku Joni anali asanapondepo pakhomo la nyumba ya boma mwa kufuna kwawo, anali ataima pamenepo, chipewa chawo choyera chili kumutu, chikwama cha ndolo chili paphewa. Anali atatseka benchi masana kuti adzaone ngati mwana wamvera. Nkhope yawo inkaonetsa kuti amva zokwanira.

Mma Maseko anaimirira, nagwira chigongono cha dzanja lamanja ndi dzanja lamanzere, napinda maondo pang'ono monga amachitira akazi a ku Ntcheu, nalankhula m'Chichewa.

"Takulandirani, Bambo. Lowani, mpando uwu."

A Sidiki anayang'ana mlonda kumbuyo kwawo, anayang'ana foni, kenako anayang'ana pepala limene linali m'manja mwa mwana wawo. Moniwo sanauyankhe, koma sanachokenso pachitseko.